Bowa wa kwa mayi aja a ku Limbe: ndadyako kanayi, nayi nkhani yake

Anthu angapo mwakhala mukundifunsa za kamalo kodyera kaja ka ku Limbe komwe ndimakadya bowa wakutchire mvula ikayamba, nde ndati ndingolemba kamodzi n'kamodzi aliyense awerenge yekha. Dzina la malowo sinditchula, mayi ake sanandipemphe kuti ndiwatsatsire malonda komanso pali tina tomwe ndidandaule kumapetoku, koma amene mumayenda tinjira ta kuseri kwa msika nthawi ya nkhomaliro fungo la nsinjiro likuperekezani lokha. Kuyambira Disembala ndapitako kanayi, kawiri ndekha, kamodzi ndi madamu, kamodzi ndi mnzanga wina wa kuntchito yemwe nkhani yake ikubwera.

Za m'mbale kaye. Amaphika mitundu iwiri kapena itatu patsiku kutengera zomwe zabwera m'mawa umenewo, ndipo sasakaniza, mtundu uliwonse mphika wake. Ulendo woyamba ndinapeza utale wotendera, guys utale uja unali ngati chifuwa cha nkhuku ya lokolo, wolimba pang'ono koma wosatafunitsa mpaka nsagwada kupweteka, nsinjiro zake zosachuluka zoti n'kuphimba fungo la bowa, tomato pang'ono, anyezi, mchere basi. Alibe zothira ma supu a m'mapaketi aja amene amachititsa kuti ndiwo iliyonse izikoma mofanana. Ulendo wachiwiri kunali manyame achikasu aja okazinga ndi mafuta ochepa, awa nde amene ndimawakonda kwambiri, kafungo kake kokhala ngati ka chipatso, ndinaonjezera mtanda wachitatu popanda manyazi. Nsima mumasankha ya ufa woyera kapena mgaiwa, ine ndinganene kuti tengani mgaiwa ndi wotendera. Manda, timabowa ting'onoting'ono tija timamera mwaunyinji pafupi ndi chulu, ndinangotipeza kamodzi ndipo munali timchenga, koma amene anatsukapo manda akudziwa kuti ndi ntchito ya munthu wopanda kopita.

Mtengo wake ndi wokwera, tisanamizane. Mbale ya bowa ikufanana ndi ya nkhuku, tsiku la manyame inaposa. Madamu anangoti shaa, bowa womera yekha m'tchire mpaka ndalama zimenezi? Nane poyamba ndinkaona choncho mpaka tsiku lomwe ndinafika molawirira cha m'ma 10 koloko ndikuthawa mvula n'kuwapeza mayi aja ali pa mkeka kuseri, lichero pamiyendo, akusankha bowa mmodzimmodzi ngati akuwerenga ndalama za chipereganyu. Aliyense amamutembenuza, kuyang'ana kunsi kwa chipewa, kununkhiza, kukanda pang'ono ndi chikhadabo, kenako kuona tsinde mpaka kumapeto kwake. Pambali panali kamulu ka otayidwa.

Ndili pompo panabwera mnyamata ndi beseni lodzadza bwino, bowa woyera wooneka bho, mtengo akutchula wotsika moti ine ndikanakhala mwini malo ndikanangotenga. Mayi aja anangosuzumira n'kufunsa, mwanawe wazula kuti ameneyu? Iye akuti wapikula kwa anthu ena pamsewu. Nanga matsinde adula chifukwa chani? Akuti kuti asakhale ndi dothi amayi. Anamuuza kuti pita nazo mwana wanga, ine bowa wodula miyendo sindigula. Mnyamata anayesa kutsitsa mtengo kawiri, mayi anali atabwerera kale pa lichero lawo.

Ndinawafunsa kuti mayi, bowa wabwinobwino uja mwamubweza bwanji. Anati achimwene, bowa amadziwika ndi kumene wamera ndi phazi lake, akadula phazi n'kusakaniza ndiye kuti andimanga m'maso. Amangogula kwa amayi atatu omwe akhala akuwabweretsera kwa zaka, awiri ochokera mbali za Machinga wina wa ku Neno, ndipo malamulo awo ndi omwewo: bowa abwere wathunthu ndi tsinde lake, mtundu uliwonse m'chotengera chake, wa pansi pa bulugama ndi paini ayi, womera pa kapinga wa m'tauni ayi. Apa ndi pomwe ndinasiya kudandaula za mtengo, chifukwa ine ndimaphunzitsa Biology ku sekondale ndipo zomwe mayiwa amanena popanda kutsegula buku ndi zomwezo zomwe anthu a ma labu apeza atawerenga DNA (malangizo a chibadwa omwe ali m'maselo a chamoyo chilichonse) ya bowa wakupha. Nde ndiloleni ndiike choko m'manja pang'ono, ndi matenda athu aphunzitsi.

Bowa yemwe amapha anthu ambiri padziko lonse ndi Amanita phalloides, amati pa imfa 10 zilizonse zobwera ndi bowa pafupifupi 9 ndi iyeyu. Kwawo ndi ku Ulaya koma anayenda ndi mizu ya mitengo yomwe anthu ankasamutsa, pano ali ku California, ku Australia, ngakhale pa South Africa pompa. Mwaona chifukwa chake lamulo la mayi loti za pansi pa mitengo yobwera ayi si zamasewera? Mtengo wachilendo umatha kubwera ndi bowa wake wachilendo amene agogo athu sanamuonepo. Agogo ankadziwa za pansi pa mombo, tsamba ndi msuku, ndi za pa chulu zomwe chiswe chimalima, zimenezo nde anatisiyira mayina ake, zina zonse ankangoti chirombo. Tsono chomwe chimandichititsa nthumanzi n'chakuti ndelema wathu yemwe timadya chaka ndi chaka, woyera wamkulu uja, nayenso ndi Amanita. Banja limodzi ndi wakuphayo. Onse amatuluka m'kathumba kokhala ngati dzira pansi pa tsinde, onse ali ndi kasiketi pa tsinde, onse timizere ta kunsi kwa chipewa n'toyera. Akakhala ang'ono asanatambasule ambulera, kapena munthu akadula phazi n'kutsuka, kusiyanitsa mitundu ya banja limeneli kumavuta ngakhale kwa odziwa.

Kusiyana kwenikweni kuli mkati, m'ma jini. Ndikunena ma jini a mu DNA, osati majini omwe amakatulutsa ku mapemphero a usiku, ana anga a Fomu 3 amaseka chaka chilichonse ndikafika pamenepa kkkk. Mu 2007 gulu la Jonathan Walton ndi Heather Hallen ku Michigan State University linawerenga DNA ya Amanita bisporigera, m'bale wina woyera mbee wakupha wa ku America, n'kupeza jini yomwe imapanga poizoni wotchedwa amanitin, anaitcha AMA1. Jiniyi imapanga kachingwe ka ma amino asidi (tizidutswa tomangira mapuloteni) 35, kenako enzayimu ina, tinene puloteni yogwira ntchito ngati kalumo, yotchedwa POPB imadula n'kulumikiza 8 okha kukhala kamphete, kamphete kameneko nde poizoniyo. Atafufuza m'mitundu ina ya Amanita anapeza kuti jiniyi ili m'nthambi imodzi yokha ya banjali, ya akuphawo. Ndelema ali nthambi ina, ya Amanita odyedwa. Ndiye taganizani, chomwe chikulekanitsa ndiwo ndi maliro ndi kachidutswa ka DNA komwe diso silingaone, mphuno siingamve, lilime nalo ayi poti omwe anapulumuka atadya amati amakoma bwinobwino.

Chodabwitsa china, poizoni yemweyu amapezekanso mu mitundu ina ya Galerina ndi Lepiota, bowa omwe pachibale ali kutali ndi Amanita, wina ndi kabowa kabulauni komera pa zipika zowola. Akatswiri a ku Kunming Institute of Botany ku China atayerekeza ma DNA athunthu a mitundu imeneyi anafalitsa mu 2022 zosonyeza kuti ma jini a poizoniyu anachita kudumpha kuchoka ku mtundu wina kupita ku wina kalekale, osati kutengera kwa kholo limodzi. Nde zoti bola ndapewa woyera, wabulauniyu alibe vuto, siziyenda.

Kamphete kaja nde kovuta. Moto sukaphwanya. Wiritsani, tayani madzi, wiritsaninso, thirani soda kapena chidulo, futsani muyanike padenga mwezi wathunthu, kadakali momwemo. Amene munatsatira nkhani ya ku Leongatha ku Australia mukukumbukira, mu Julayi 2023 anthu anayi anadya nyama yophikidwa mu uvuni momwe munali bowa ameneyu, atatu anamwalira, ndipo mayi yemwe anaphika khoti linamupeza wolakwa mu 2025. Bowa wake anali woumitsidwa kenako n'kuphikidwa, zonse ziwiri, sizinathandize kanthu. Kakalowa m'thupi kamapita kuchiwindi n'kukatseka RNA polymerase II, tinene kuti makina okopera malangizo kuchoka mu DNA kuti selo lipange mapuloteni, makinawo akaima selo limafa pang'onopang'ono. Nchifukwa chake munthu samva kanthu msanga. Pamadutsa maola 6 mpaka 24 ali bwinobwino, kenako kusanza ndi kutsegula m'mimba koopsa, kenako tsiku lotsatira amakhala ngati wachira, anthu n'kumati zadutsa, chonsecho chiwindi chikutha, pakapita masiku angapo maso achikasu, impso nazo kuima. Theka la chipewa chimodzi limatha kupha munthu wamkulu. Bowa wokusanzitsa pakangotha ola limodzi kapena awiri, ngati Chlorophyllum molybdites uja amamera pa kapinga n'kumaoneka ngati utale koma akakula timizere ta kunsi timasanduka tobiriwira, amazunza zedi koma nthawi zambiri wochedwa kuyamba uja nde woopsa kwambiri. Mulimonsemo mukadya bowa m'mimba n'kuyamba zachilendo thamangani kuchipatala tsiku lomwelo, tengani ndi zotsala za mumphika kapena bowa wosaphika ngati alipo, ndipo onse amene anadya nawo apite ngakhale akumva bwino. Zodikira kuti tione mawa, zomwa mkaka, zosanzitsana ndi madzi a sopo, ayi.

Ndinawafunsanso mayi aja za zikhulupiriro zija, zoti ukaona bowa wadyedwa ndi nkhono kapena mphutsi ndiye kuti ndi wabwino, zoti ukaponyamo sipuni kapena anyezi n'kuda ndiye kuti ngwa poizoni. Anaseka. Anati achimwene inu ndinu nkhono? Ndipo akunena zoona, nkhono ndi mphutsi zimadya Amanita wakuphayo bwinobwino, sipuni nayo sisintha mtundu.

Tsopano mnzanga wa kuntchito uja. Iyeyu ndi wa masamu, chilichonse amakhulupirira foni. Anabwera ndi ka apu kena kojambula bowa n'kukuuza dzina lake, akuti lero tiwayesa mayi akowo. Anapempha ndelema mmodzi pa lichero n'kujambula pamwamba, foni inatchula dzina lina la bowa wa ku Ulaya, atajambula cham'mbali inatchula lina, atatenga wa pa kamulu ka otayidwa kaja inati ameneyu mwina ndi wodyedwa. Mayi anangomuyang'ana n'kuti bambo, foni yanuyo ikadya ndi ndani? Sindikunena kuti ma apu onse ndi achabe, pophunzira mayina amathandiza, koma ku Australia anayesa ma apu atatu otchuka ndi zithunzi za bowa wodziwika kale, zotsatira zinatuluka mu 2023, yomwe inakhoza kwambiri inalondola pafupifupi theka lokha. Theka. Mwana wanga akapeza 49 pa 100 ndimamulembera kuti alimbikire, sindimupatsa moyo wanga kuti asunge. Komanso zithunzi zomwe ma apuwa anaphunzirira zambiri ndi za ku Ulaya ndi ku America, manyame a ku Machinga anawaonera kuti?

Mnzanga uja sanagonje, akuti nanga bwanji osangoyeza DNA ya bowa yense asanalowe mumsika. Pamenepa tinakangana mpaka nsima kuzizira. Njira ilipo, kuyambira 2012 akatswiri anagwirizana kuti kachigawo ka DNA kotchedwa ITS kakhale ngati chiphaso chozindikirira mtundu wa bowa, ndipo kamagwira ntchito ngakhale pa kachidutswa kophika kale, madokotala akafuna kudziwa chomwe wodwala anadya zimathandiza. Makina ake enanso pano ndi ang'ono, MinION ya Oxford Nanopore imakwana m'dzanja n'kulumikiza ku laputopu, ndipo muno mu Blantyre momwemuno a bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la Malawi Liverpool Wellcome pa Queens ankawerenga DNA ndi RNA ya tizilombo nthawi ya Covid, nde anthu odziwa ntchitoyi tili nawo. Ku America a unduna wa zaulimi (USDA) anatulutsanso mu 2020 kachipangizo kokhala ngati koyezera malungo kaja, komwe kamaonetsa ngati muli amanitin pa mphindi pafupifupi 10. Ndipo mu 2023 a ku Sun Yat-sen University ku China pogwiritsa ntchito CRISPR, njira yodula ndi kusintha ma jini, anapeza puloteni ya m'maselo athu yotchedwa STT3B yomwe poizoniyu amadalira, n'kuona kuti utoto wina womwe madokotala amagwiritsa kale ntchito, indocyanine green, unapulumutsa pafupifupi theka la mbewa za mu labu zomwe zinapatsidwa poizoni. Mbewa za mu labu, osati zapakamtengo za mu msewu wa ku Lilongwe zija. Pa anthu chithandizo chidakali madiripu, makala a kuchipatala, mankhwala ngati silibinin komwe alipo, ndipo zikafika poipa kuika chiwindi china, zomwe kwa ambiri a ife ndi nkhani ya ndege ndi mamiliyoni.

Koma ndinamuuza mnzangayo kuti taganiza bwino aise. Bowa wazulidwa 5 koloko m'mawa, wakwera minibasi, 10 koloko ali pa lichero, 12 ali mumphika, mawa lake akanakhala atayamba kale kuwola. Beseni limodzi muli bowa mazana, ndipo woipa mmodzi yekha akwanira kugoneka banja lonse. Uyeza uti usiya uti? Komwe ine ndikuona kuti DNA ingatithandize ndi kwina: kutenga mitundu yathu yonse, utale, nyonzwe, manda, manyame, chipindi, ndelema ndi onse ofanana nawo omwe amayi akumudzi amawakana, kuwerenga ma ITS awo, kuona kuti ndi ati ali ndi ma jini a poizoni aja, n'kupanga zithunzi zokhala ndi mayina a Chichewa, Chiyao, Chilomwe ndi Chitumbuka zoti zizipachikidwa m'misika ndi m'zipatala zing'onozing'ono. Amayi ngati awa ndi omwe angawalozere akatswiriwo kuti yambani ndi uyu. Chikundidetsa nkhawa n'chakuti nkhalango zomwe bowayu amamera zikuthera m'matumba a makala, yang'anani phiri la Ndirande kapena Soche mmene aliri pano, ndipo ana omwe akukula m'tauni sakudziwa ngakhale kusiyanitsa utale ndi chirombo cha pa bwalo la mpira. Mayi aja akuti amayi omwe amawabweretsera aja chaka chilichonse akumapita kutali kuposa chaka chatha, nde mtengo wa mbale uja mwina tiziumvetsa.

Zodandaula nazi, poti ndinalonjeza. Malo ndi opanikiza, mabenchi atatu, mvula ikagwa ya mphepo amene wakhala kukhomo amadya nsima ndi madzi a padenga. Njira yolowera ndi matope okhaokha, madamu anavala nsapato zoyera ndipo mpaka lero nkhaniyo sinathe kunyumba. Madzi osamba m'manja alipo a m'ndowa ya mpopi koma sopo kawiri konse ndinachita kupempha, zomwe zinandikhumudwitsa, munthu wosamala chonchi pa bowa asalephere pa kasopo. Kudikira nakonso, ulendo wachitatu tinakhala mphindi pafupifupi 40 chifukwa mphika woyamba unatha ndipo mayi anakana kuti mtsikana wowathandiza asankhe yekha bowa wa mphika wachiwiri, anachita kusiya kaye makasitomala n'kukakhala pa mkeka. Njala inandipweteka, ndinang'ung'udza, koma pansi pamtima ndinkadziwa kuti akanapanga mwachangu ndikanayamba kukayika. Ndalama amalandira pamanja pokha, za pafoni akuti netiweki imawasokoneza, ndipo chenje chimavuta nde pitani ndi zosintha kale. Masiku ena mukafika mupeza bowa wakutchire palibe, ali ndi wa oyisitala wolimidwa m'mashedi uja basi, chifukwa amayi owabweretsera aja sanabwere ndipo kwa ena sagula. Woyisitalayo amaphika bwino koma si amene ndimakwerera minibasi ziwiri.

Pa nyenyezi 5 ndikuwapatsa 4, imodzi ndachotsera sopo ndi denga. Ana ang'ono ine sindinapite nawo ndipo sindikufulumira kutero, thupi laling'ono silichedwa kugonja, amenewo adzidya kaye wolimidwa. Mukafuna kupita fikani isanakwane 1 koloko, makamaka patapita masiku awiri kapena atatu mvula itagwa yambiri, ndipo nyengo yake imatha cha mu Malichi. Ulendo wachinayi ndinawapempha kuti andigulitseko wofutsa woti ndikasunge, anakana, akuti wofutsa amagulitsa yekhayo amene afutsa okha ndi manja awo ndipo wa chaka chino sanaume, ndibwere Loweruka la sabata ya mawa ndi chigubu changa chotseka bwino.